PHUNZIRO LA MWEZI UNO: March Break, ana athu ndi tauni ya Dundas

Chaka chilichonse pakati pa mwezi wa Malichi sukulu za boma muno mu Ontario zimatseka kwa sabata imodzi, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Eni dziko amati March Break. Mu 2025 tchuthichi chinali pa 10 mpaka pa 14 Malichi, cha 2026 anachiika pa 16 mpaka pa 20, ndipo mu 2021 boma linachisunthira mu Epulo chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kwa ana ndi nkhani yokoma kwambiri. Kwa ife makolo amashifiti, kaya kosamalira okalamba, kaya kufakitale, kaya koyeretsa maofesi usiku, ndi nkhani yoimitsa mutu, chifukwa sukulu yatseka koma kuntchito sanatseke. March Break si holide ya anthu apantchito ayi. Bwana akukuyembekezerani Lolemba monga mwa masiku onse.

M'phunziro lino tiona kaye zimene lamulo likunena, kenaka tipite limodzi ku Dundas, katauni kakale kamene kali m'munsi mwa phiri kumadzulo kwa mzinda wa Hamilton, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera pakati pa Toronto.

Kodi mwana angatsale yekha pakhomo?

Kwathu mwana wa zaka 8 kutsala ndi mng'ono wake kumbuyo si nkhani, chifukwa agogo ali pakhonde, azakhali ali nyumba yachiwiri, ndipo mudzi wonse ukumuona. Kuno m'nyumba zosanjikizanazi palibe amene akumuona. Lamulo la Ontario lotchedwa Child, Youth and Family Services Act la mu 2017 limati munthu amene akusunga mwana wosakwana zaka 16 asamusiye popanda kukonza chisamaliro ndi kuyang'anira koyenera malinga ndi mmene zinthu zilili. Silitchula msinkhu weniweni woti apa ndiye mwana angatsale yekha, koma mabungwe oteteza ana a Children's Aid amakonda kulangiza kuti mwana wosakwana zaka 10 asatsale yekha. Dziwaninso kuti lamulo lomweli limalamula munthu aliyense, aneba omwe, kuti akanene ngati akuganiza kuti mwana ali pangozi. Ndiye neba akaimba foni musamati ndi nsanje kapena tsankho basi. Nthawi zambiri akungochita zimene dziko lake linamuphunzitsa.

Mwina wina akuti, "Aaa, wanga uja ndi wochenjera, amaphika yekha mpunga." Eya, tikuvomera. Koma maola 10 tsiku lililonse kwa masiku 5 ndi nthawi yaitali, ndipo alamu ya moto ikalira m'nyumba yonse, mwana wa zaka 9 ali ndi khanda m'manja atsika bwanji masitepe? Kwa ana okulirapo kuli maphunziro afupiafupi: Canada Safety Council ili ndi pologalamu ya Home Alone ya ana a zaka 10 kupita m'tsogolo, ndipo Red Cross imaphunzitsa ana a zaka 11 mpaka 15 kulera anzawo aang'ono. Kawirikawiri maphunzirowa amachitika m'sabata yomweyi ya tchuthi m'maholo a m'madera.

Nanga kuntchito?

Lamulo la ntchito la Employment Standards Act la mu 2000 limapatsa antchito ambiri masabata 2 a tchuthi pa chaka akagwira miyezi 12 kwa bwana mmodzi, ndi masabata 3 akakwanitsa zaka 5. Ndalama ya tchuthi ndi 4 peresenti ya malipiro, ndipo imakwera kufika 6 peresenti pa zaka 5 zomwezo. Koma apa mvetsetsani: amene amasankha nthawi ya tchuthi ndi bwana, si inu. Ndiponso tchuthi chimayenera kuperekedwa cha sabata yathunthu, pokhapokha inu mutapempha polemba kalata kuti mutenge tsiku limodzilimodzi, bwana n'kuvomera. Choncho amene akufuna Lachitatu la March Break alembe pempho lake mu Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, asadikire sabata yomweyo pamene aliyense wa ana akupempha. Anzathu a m'mafamu malamulo awo ndi osiyana, ena a iwo lamulo la tchuthili siliwakhudza, ndiye afunse kaye asanapange pulani.

Masiku 3 pa chaka osalipidwa amene lamulo limapereka pa zovuta za m'banja ndi a matenda, ngozi kapena nkhani yadzidzidzi. Tchuthi cha sukulu chimene chinalengezedwa kalekale si chadzidzidzi, musadalire pamenepo.

Njira imene imathandiza ndi yathu yakale ija ya chipereganyu. Mabanja 5 akagwirizana, kholo lililonse limangofunika tsiku limodzi lopuma, n'kutenga ana a onse. Tsiku lanulo mungathe kukhala nawo m'nyumba akuonera TV mpaka maso kufiira, kapena mungathe kuwatulutsa. Ife tikuti atulutseni.

Kafikidwe kake

Kuchokera pa Union Station kwerani sitima ya GO ya njira ya Lakeshore West mpaka pa West Harbour ku Hamilton, kapena basi ya GO yokatsikira pa Hamilton GO Centre. Ulendo wake ndi wa ola limodzi ndi mphindi zingapo. Kuyambira mu Malichi 2019 ana a zaka 12 kutsika m'munsi amakwera GO ulere, ndiye mayi mmodzi wokhala ndi ana 4 aang'ono amalipira tikiti imodzi yokha. Mukafika ku Hamilton mukwera basi ya mumzinda ya HSR yopita ku Dundas, ndipo khadi la PRESTO lomwe lija limagwira ntchito konseko. Nthawi za mabasi zimasinthasintha, onani pa foni usiku wake.

Basi ikufikitsani pakati pa tauni. Kumathithi, kunkhalango ndi kumene amaphika manyuchi kumafuna galimoto. Ngati mwabwerekana galimoto, kumbukirani kuti mwana wosakwana zaka 8, amene sanafike makilogalamu 36 kapena masentimita 145, ayenera kukhala pa mpando wa ana woyenera msinkhu wake. Zopakirana pamiyendo ngati pa minibasi ya ku Ndirande kuno n'zolipitsa faindi.

Tauni ya m'chigwa

Amene anakhalapo ku Zomba sadzavutika kuimvetsa Dundas: nyumba zakale za miyala ndi njerwa, msewu umodzi waukulu, mtsinje wotsika m'phiri, ndi phirilo litaima kumbuyo ngati khoma. Kungoti musayembekezere phiri la Zomba kapena Mulanje. Ili ndi lalifupi, mamita 100 okha kapena kuposerapo pang'ono kuchokera m'tauni, moti munthu wa ku Mulanje akhoza kuseka n'kufunsa kuti phiri lake ndi limeneli? Koma kutalika kwake kuli m'litali. Ndi chiphompho chotchedwa Niagara Escarpment, chimene chimayambira m'chigawo cha New York ku America, kudutsa pa mathithi a Niagara, kuzungulira Hamilton, n'kukwera kumpoto mpaka ku Tobermory ndi kupitirira. Mu 1990 bungwe la UNESCO linachiika m'gulu la malo achilengedwe ofunika pa dziko lonse.

Azungu asanabwere, m'chigwachi munkakhala anthu amene Afalansa ankawatchula kuti a Neutral, ndipo pambuyo pake a Mississauga. Malowa anawatenga kudzera m'pangano la mu 1792 lotchedwa Between the Lakes. Chaka chotsatira, mu 1793, bwanamkubwa John Graves Simcoe analamula asilikali kuti alambule msewu wochokera pano kulowera kumadzulo, ndipo mpaka lero chigawo cha msewuwo chimatchedwa Governor's Road. Chimene chinakopa anthu ndi madzi. Mtsinje wa Spencer Creek umatsika ndi mphamvu, ndiye anamangapo zigayo za tirigu ndi macheka a matabwa zoyendera madzi. Richard Hatt ndiye anali mwini zigayo wamkulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo msewu wa Hatt Street unatengera dzina lake.

Mu 1837 anatsegula ngalande ya Desjardins yolumikiza Dundas ndi nyanja ya Ontario, ndipo masitima apamadzi anayamba kufika m'tauni kudzanyamula ufa ndi matabwa. Kwa zaka zingapo Dundas inalemera. Mu 1847 inakhala tauni yodziyimira payokha, n'kumanga holo yake ya miyala imene ilipobe. Kenaka kunabwera njanji m'zaka za m'ma 1850, katundu n'kusiya ngalande, bizinesi n'kusamukira ku Hamilton. Chimene chinagwetsa tauniyi ndi chomwenso chinaisunga: pakanakhala ndalama zambiri bwenzi nyumba zakalezo atazigumula kalekale. Kuyambira pa 1 Januwale 2001 Dundas ili pansi pa mzinda wa Hamilton, koma mukauza munthu wa kumeneko kuti ndi wa ku Hamilton akuyang'anani ndi diso lina.

Pali mbiri ina yomvetsa chisoni ya mwezi womwe uno. Pa 12 Malichi 1857 sitima yochokera ku Toronto inathyola mlatho wa pa ngalande ya Desjardins n'kugwera m'madzi oundana, ndipo anthu 59 anafa. Sitima ya GO imene mwakwera imawoloka ngalande yomweyo chakufupi ndi pamalopo ikamalowa mu Hamilton. Aonetseni ana pawindo. Musaope, mlatho wa nthawi ija unali wa matabwa.

M'tauni mwenimwenimo zonse n'zoyenda pansi. Yambani pa King Street, pamene pali Collins Hotel ya mu 1841 ndi Carnegie Gallery, nyumba imene inamangidwa mu 1910 ngati layibulale ndipo lero amaonetseramo zojambula ndi zoumba. Pa Park Street West pali Dundas Museum and Archives, nyumba yaing'ono yosungiramo zinthu zakale, yokwanira bwino ana amene satha kupirira maola ambiri. Pa Ogilvie Street pali layibulale ya boma, ndipo apa ndi pothawira kukazizira kapena mwana akafuna kuchimbudzi, palibe amene angakufunseni kanthu. Mumsewu womwewo muli Dundas Valley School of Art, sukulu ya zojambulajambula imene inayamba mu 1964 ndipo imakhala ndi makalasi a ana. Amenewa ndi olipira ndiponso olembetseratu.

Dzina limeneli, Dundas

Ana a ku Toronto akudziwa Dundas Street, ndipo akulu pang'ono anamva kusukulu za mkangano wa dzinali. Henry Dundas anali nduna yamphamvu ya boma la Britain, wa ku Scotland, ndipo ku Canada sanapondeko n'komwe. Simcoe anangotchula msewu dzina la bwana wake. Mu 1792, pamene William Wilberforce anapempha nyumba ya malamulo ya Britain kuti ithetse malonda a akapolo, Dundas anawonjezerapo mawu akuti athetsedwe pang'onopang'ono. Malondawo anadzathetsedwa mu 1807, patapita zaka 15, ndipo m'zaka zimenezo anthu a ku Africa miyandamiyanda anawolotsedwa nyanja. Akatswiri a mbiri amatsutsana: ena amati anachedwetsa dala, ena amati ankafuna njira yoti lamulolo lidutse. Mu 2021 khonsolo ya Toronto inavota kuti dzina la msewu lisinthe, koma mu Disembala 2023 inaona kukwera mtengo kwa ntchitoyo n'kusankha kusintha malo ochepa okha. Bwalo la Yonge-Dundas Square ndi limene linakhala Sankofa Square, mawu a chinenero cha Akan cha ku Ghana onena za kubwerera kukatenga chimene unasiya m'mbuyo. Tauni ya Dundas yokha dzina lake likadali lomwelo.

Nkhaniyi isatidutse ngati ya eni ake. Ifenso tili ndi Nkhotakota ya Jumbe, tili ndi Karonga kumene Mlozi anagonjetsedwa mu 1895. Mwana wobadwira ku Scarborough kapena ku Brampton zimenezi sadzazimva m'kalasi mwake. Adzazimva kwa inu, ndipo mu sitima muli nthawi yokwanira.

Nyumba ya Griffin

Ngati muli ndi galimoto ndipo mukufuna kusankha malo amodzi okha, ife tingasankhe Dundas Valley Conservation Area. Polowera pake pali pa Governor's Road, ndipo pali malipiro a pageti. Ndi nkhalango ya mahekitala 1,200 yokhala ndi tinjira ta makilomita pafupifupi 40. Pakati pake pali nyumba yolandirira alendo yomangidwa ngati sitesheni ya sitima yakale, m'mbali mwa njira ya Hamilton to Brantford Rail Trail. Njira imeneyi kale inali njanji, ndiye ndi yosalala bwino ngakhale kwa amene akukankha mwana pa ngolo. Kanjira kozungulira ka Main Loop n'ka makilomita pafupifupi 3 ndi theka, ndipo kamadutsa pa mabwinja a Hermitage, chinyumba cha miyala chimene George Leith anamanga mu 1855, n'kupsa ndi moto mu 1934. Agwape ndi ambiri, mukayenda mwakachetechete muwaona. Chakufupi kuli kasupe wa madzi onunkha ngati dzira lovunda chifukwa cha salufa. Ana amasangalala nako kuposa china chilichonse.

Koma chimene tikukutumirani kumeneko ndi kanyumba kakang'ono ka matabwa kamene kali pamtunda, cha ku Mineral Springs Road, kotchedwa Griffin House. Enerals Griffin anabadwira mu ukapolo ku Virginia. Anathawa, nawoloka kulowa mu Canada pamodzi ndi mkazi wake Priscilla, ndipo mu 1834 anagula nyumbayi ndi munda wa maekala 50. Taganizani: munthu amene iye mwini anali katundu wa munthu wina, tsopano dzina lake lalembedwa pa chikalata cha malo. Chaka chake ndi chomwecho chimene ukapolo unathetsedwa m'maiko olamulidwa ndi Britain, pa 1 Ogasiti 1834. Ana ndi adzukulu ake anakhala pamalopo zaka zoposa 150, mpaka mu 1988 pamene malowo anagulitsidwa ku bungwe losamalira nkhalangoyi. Mu 2008 boma la Canada linaika nyumbayi m'gulu la malo a mbiri ya dziko. Sikhala yotsegula masiku onse, makamaka nyengo yozizira, koma ngakhale kuiona panja kokha n'kokwanira kuyambitsa nkhani.

Komabe tisawauze ana theka la nkhani, ngati kuti Canada inali pothawira pokha. M'chigwa chomwechi munali akapolo. Sophia Pooley anabedwa ali mwana ku New York pamodzi ndi mchemwali wake, nagulitsidwa kwa mtsogoleri wa a Mohawk, Joseph Brant. Pambuyo pake Brant anamugulitsa pa madola 100 kwa Samuel Hatt wa ku Ancaster, mbale wake wa Richard Hatt wa zigayo uja. Timadziwa zimenezi chifukwa atakalamba anafotokoza yekha moyo wake kwa Benjamin Drew, amene anazisindikiza m'buku mu 1856. Lamulo la Simcoe la mu 1793, limene anthu amalitama kwambiri, silinamasule kapolo ndi mmodzi yemwe amene analipo kale. Linangoletsa kubweretsa akapolo atsopano, n'kunena kuti ana obadwa pambuyo pake adzamasuke akafika zaka 25.

Afunseni ana anu akuluakulu kuti: Griffin anasiya abale ake ku Virginia, anafika m'dziko lozizira, anagwira ntchito zaka zingapo asanagule malo akeake. Kodi akufanana ndi ndani amene inu mukumudziwa? Musawayankhire. Asiyeni aganize.

Mathithi, ndi chenjezo lake

Mzinda wa Hamilton uli ndi mathithi oposa 100, ndipo awiri mwa otchuka kwambiri ali pamwamba pa Dundas, ku Greensville, m'malo otchedwa Spencer Gorge. Tew Falls ndi aatali mamita 41. Webster Falls ndi a mamita 22 koma otambalala, amadzi ambiri. Chifukwa chake mathithi achuluka chonchi n'chosavuta kufotokozera mwana. Zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo dera lonseli linali pansi pa nyanja yofunda. Matope ndi zigoba za tizilombo ta m'nyanjamo zinasanduka miyala yosanjikizana, pamwamba mwala wolimba, pansi mwala wofewa. Madzi amadya wofewa uja, wolimba n'kutsala uli lende ngati denga la khonde, kenaka n'kubenthuka. Mathithi a Niagara anapangika mwa njira yomweyi.

Tsopano mverani, pakuti apa ndi pamene pagona moyo. Mwala wotsala lende uja ndi umene anthu amaimapo pojambulitsa. M'mwezi wa Malichi masana chipale chimasungunuka, usiku n'kuundananso, ndiye tinjira timakhala toterera ngati galasi, kwina matope okhaokha. Ozimitsa moto a ku Hamilton amaitanidwa kawirikawiri kukatulutsa ndi zingwe anthu amene agwera m'maphompho a mathithi, ndipo ambiri mwa iwo amakhala kuti anadumpha mpanda. Kudumpha mpanda n'kolipitsanso faindi. Kutsikira pansi pa mathithi a Webster n'koletsedwa. Pamalo oonera chigwa chonse otchedwa Dundas Peak pamafikidwa kuchokera ku Tew Falls. Musayese kukwera kuchokera m'tauni podula njanji, chifukwa njanjiyo ndi yamoyo, masitima amathamangapo, ndiponso ndi mlandu. Nyengo zina malowa amafuna kubukitsiratu pa intaneti, choncho onani tsamba la Hamilton Conservation Authority musananyamuke. Kunena zoona, munthu wamkulu mmodzi wokhala ndi ana 5 osakhazikika asapite ku Dundas Peak mu Malichi. Apite kunkhalango kuja, mathithi adzawaona mu Meyi ali akulu awiri.

Chimodzimodzinso madzi oundana a padambo la Cootes Paradise, kum'mawa kwa tauni. Akhoza kuoneka olimba koma mwezi uno amakhala atafooka pansi, mwana asapondepo. Imani pamtunda muone mbalame. Malichi ndi mwezi umene mbalame zosamuka zimayamba kubwerera, ndipo zinsansa zoyera zochokera kum'mwera zimapumira m'madambo a dera lino pa ulendo wawo wopita kumpoto kwenikweni. Padamboli pamakhalanso chiwombankhanga cha mutu woyera chija, chimene chinaswa ana pano mu 2013 patapita zaka zambirimbiri chisakuswa m'mbali mwa nyanja ya Ontario ku mbali ya Canada. Mukachiona mudzati ndi nkhwazi ya ku Mangochi, ndipo simunalakwe kwenikweni, ndi zapachibale.

Manyuchi a mapulo

Tsamba lofiira la pa mbendera ya Canada ndi la mtengo wa mapulo, ndipo March Break imagwa pa nthawi yeniyeni yokolola madzi ake. Amene anadutsapo ku Vizara ku Nkhata Bay anaona mitengo ya raba yochekedwa, timakapu tili lende. Kunonso n'chimodzimodzi, kungoti amaboola kabowo pa thunthu, n'kulowetsamo kampopi, madzi n'kumadonthera m'chidebe kapena m'timapaipi. Madziwo amayenda pokhapokha usiku kukazizira kutsika pa 0 ndipo masana kukafunda kukwera pa 0. N'chifukwa chake nyengo yake ndi ya masabata ochepa okha, ndipo mitengo ikayamba kuphukira basi zatha, kukoma kumasintha.

Mukalawa madzi ongotuluka mumtengo mudzakhumudwa, ali ngati madzi akumwa othira shuga wa kunsonga kwa supuni, pafupifupi 2 peresenti yokha. Amawawiritsa maola ambiri mpaka shuga afike 66 peresenti. Pamafunika malita 40 a madzi kuti papezeke lita imodzi ya manyuchi. Nayo samu ya mwana wa giredi 4: botolo la theka la lita limene mayi amati n'lodula lija linachokera m'malita angati? Luso limeneli azungu analiphunzira kwa eni nthaka, a Anishinaabe ndi a Haudenosaunee, amene ankapanga shuga wa mapulo kalekale. Lero chigawo cha Quebec chokha chimapanga manyuchi ambiri kuposa dziko lina lililonse.

Kufupi ndi Dundas, malo oonera zimenezi ndi Westfield Heritage Village ku Rockton, mudzi wa nyumba zakale zoposa 30 zimene anazisonkhanitsa pamodzi, kumene anthu ovala zovala zamakedzana amaonetsa kaphikidwe ka manyuchi pa moto wa nkhuni. Amene akuchokera mbali ya Mississauga ndi Brampton angayandikire ku Mountsberg, cha ku Campbellville, kumene kulinso malo osungirako akadzidzi ndi akabawi, kapena ku Bronte Creek Provincial Park ku Oakville. Konseku n'kolipira, masiku ake amalengezedwa chaka ndi chaka, ndipo matikiti a sabata ya tchuthi amatha msanga. Gulani pa intaneti mukadali kunyumba, kuopa kukabwezedwa pageti ana ali m'galimoto.

Zovala, kamba ndi zotsalira

Musanyengedwe ndi mawu akuti spring. Pakati pa Malichi masana kumangofika madigiri ochepa pamwamba pa 0, ndipo chipale chikhoza kugwa tsiku lililonse. Avekeni ana zovala zingapo zosanjikiza, jombo zosalowa madzi, zipewa ndi magolovesi, ndipo m'chikwama muikemo masokosi ena ouma. Mwana wonyowa mapazi ndiye amathetsa ulendo. Chakudya cha m'malesitilanti a pa King Street n'chokoma koma kwa ana 5 chikhoza kudya malipiro a tsiku lonse. Fulasiki ya tiyi, mandasi, mazira owiritsa, mbatata yootcha ndi nthochi, basi mwatha. Paki ya Dundas Driving Park ili ndi matebulo ndi malo osewerera ana. Lembani nambala ya foni yanu pakapepala n'kuika m'thumba la jekete la mwana aliyense, ndipo tengani manambala a makolo onse pamodzi ndi mankhwala a mwana amene ali ndi mphumu kapena amene zakudya zina zimamuwenga. Pangozi imbani 911. Pofuna malangizo a namwino imbani 811.

Amene mwasankha kulipira kampu ya masana ya ana m'malo mwa chipereganyu, sungani malisiti. Ndalama zolipira osamalira ana pamene inu muli kuntchito, kuphatikizapo makampu a masana, zimatha kuchotsedwa pa ndalama zokhomera msonkho mukamadzaza mafomu a chaka, pa fomu ya T778. Ndipo inu amene ana anu ali kumudzi, ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, sabata imeneyi musadzitsekere m'chipinda. Mayi wa ana 5 uja akusowa munthu wamkulu wachiwiri, ndipo zithunzi za manyuchi ndi mathithi zikafika pa WhatsApp kwanuko zidzapatsa ana anu chofunsa Lamlungu mukamaimba.

Mukabwerako madzulo, musanagone, ayang'aneni ana thupi lonse, m'mutu, kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo. Dera la Hamilton lili ndi nkhupakupa za miyendo yakuda zimene zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo zimayamba kuyenda kukangofunda pang'ono, ngakhale chipale chisanathe. N'zazing'ono kuposa za ng'ombe zimene tinazolowera, zina ngati kambewu ka chitowe. Mukaipeza musaiwotche ndi machesi kapena kuipaka mafuta monga timachitira kwathu. Igwireni ndi kopanira kakang'ono pafupi ndi khungu, muikoke molunjika pang'onopang'ono, musambitse pamalopo ndi sopo. Ngati mukuganiza kuti yakhalapo tsiku lathunthu kapena kuposa, pitani kufamase msanga, pasanathe masiku 3. Kuyambira mu Januwale 2023 afamase a mu Ontario ali ndi chilolezo chopereka mankhwala oteteza ku Lyme popanda kudikira dokotala.